Phunziro: Kukakwera Ndege Podzera pa Njanji

Khalani pansi, tsegulani makope. Funso la lero ndi ili: munthu amene ali ndi tikiti ya ndege m'thumba amakafika bwanji pakhomo pa ndegeyo akasankha kuyenda pa sitima ya pamtunda? Ndikuona ena mukuseka, poti kuno kwa Kuti timadziwa belu la kabaza kuposa kulira kwa sitima. Sekani pang'ono. Ambiri a inu muli ndi achimwene kapena amalume ku Joni, ndipo tsiku lina adzakhale ataima pa siteshoni, chikwama m'manja, nthawi ikutha, ndinu.

Tiyambe ndi zakwathu. Njanji inafika ku Salima mu 1935, kuchokera ku Blantyre kudzera ku Balaka ndi Chipoka, ndipo inathera pomwepo kwa zaka zoposa 40. Mu 1979, ndi thandizo la dziko la Canada, anaitalikitsa mpaka ku Lilongwe, kenako inakafika ku Mchinji. Bwalo la ndege la Kamuzu, ku Lumbadzi, linatsegulidwa mu 1983. Njanjiyo imadutsa pa Kanengo, kum'mwera kwa Lumbadzi, koma palibe mphanda imene inapatuka kulowera ku bwalo. Choncho ku Malawi kuno munthu sangatsike sitima n'kulowa m'nyumba yokwerera ndege.

Nanga wochokera kuno amatani? Amakwera kabaza mpaka pa Kamuzu Road. Pamenepo amakwera minibasi ya mumsewu wa M14, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Akatsika cha ku Kanengo amadikira ina yolowera kumpoto mumsewu wa M1, ndipo potsiriza amafuna galimoto yomulowetsa ku bwalo. Werengani ndi zala: zokwera zinayi, posinthira patatu. Tsopano ndiyankheni, nthawi imatayika pati? Iwe wakumapeto uko, wanena zoona. Imatayika pa siteji, pamene kondakitala akukuwa kuti kwatsala munthu mmodzi pomwe mipando isanu ili yopanda anthu. Lembani mfundo imeneyi ndipo muidule mzere kunsi: ulendo wolumikiza umaonongekera posinthira. Zonse zimene tikambe lero zikuchokera pamenepa.

M'mayiko amene njanji imafika ku bwalo la ndege, kawirikawiri sitima zimakhala ziwiri. Yoyamba ndi yaikulu, yochokera m'tauni kapena m'mizinda yakutali. Yachiwiri ndi kasitima kamabogi awiri kapena atatu, kongoyenda pakati pa siteshoni ndi nyumba zokwerera ndege. Nyumba zimenezi amazitcha Terminal, ndipo iliyonse ili ndi nambala, chilembo kapena dzina lake.

Bwanji osangopititsa sitima yaikuluyo pakhomo lililonse? Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba, sitima yaitali siikhota mwadzidzidzi. Imafuna khona lotambalala, pomwe nyumba za pa bwalo zimakhala mothithikana pakati pa misewu, malo oimika magalimoto ndi njira za ndege. Chachiwiri, sitima yolemera imatenga mtunda kuti iime ndi kuti iyambenso kuthamanga. Ikamaima katatu kapena kanayi pamalo amodzi, imachedwetsa anthu mazanamazana amene alibe nazo ntchito ndege. Chachitatu, sitima yaikulu ili ndi ndandanda yake ya nthawi, pamene anthu a pa bwalo amatuluka ndi kulowa mosalekeza. Kasitima kakang'ono kamabwera pakangopita mphindi zochepa. Kawirikawiri kasitima kotere kalibe woyendetsa: amakawongolera ndi kompyuta, ndipo zitseko zake zimatseguka ndi kutsekeka zokha. Mukachedwa polowa, palibe dalaivala woti mumuimitse ndi dzanja.

Ku Gatwick, kum'mwera kwa London, siteshoni ya sitima ili pa South Terminal. Amene ndege yake ikunyamukira ku North Terminal amatsika, n'kukwera kasitima kaulere kamene kamamufikitsa m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Ku New York, pa bwalo la John F. Kennedy, sitima zam'tauni zimakusiyani pa siteshoni ya Jamaica kapena ya Howard Beach, ndipo AirTrain, imene inayamba kuyenda mu 2003, ndi imene imazungulira ma Terminal onse. Kumeneko gawo lochokera ku siteshoni limalipiridwa palokha. Mukuona kuti malamulo amasiyana: kwina ulere, kwina tikiti yachiwiri. Wapaulendo ayenera kudziwiratu.

Tsopano tipite kumene Amalawi ambiri amafikako. Agogo anu ena anapita ku migodi kudzera ku Wenela, ndipo iwonso ankalumikiza ndege ndi njanji: ndege inkawatula ku Francistown, m'dziko la Botswana, sitima n'kuwatenga mpaka ku Johannesburg. Ulendo umenewo unaduka mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuletsa kulemba anthu a ku migodi. Amenewo ankachita kuperekezedwa ndi akapitawo. Inu mudzayenda nokha, n'chifukwa chake muyenera kudziwa kuwerenga njira.

Bwalo la O. R. Tambo lili ku Kempton Park, kum'mawa kwa Johannesburg. Sitima yake ndi Gautrain, imene inayamba kuyenda pa 8 June 2010, kutatsala masiku atatu kuti mpikisano wa mpira wa dziko lonse uyambe. Ili ndi masiteshoni 10 pa njanji ya makilomita 80, ndipo imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola. Mpata wa pakati pa zitsulo zake ndi mamilimita 1,435, pomwe njanji yathu ya ku Salima, pamodzi ndi ya Metrorail ya ku Joni komweko, ndi ya mamilimita 1,067. Sitima ya njanji ina singakwere pa inzake. Munthu ndiye amatsika n'kusintha, monga zimachitikira pa siteshoni ya Rhodesfield pamene njanji ziwirizi zimayandikana.

Jambulani m'makope mizere iwiri. Woyamba uchoke pansi kupita pamwamba: Park, Rosebank, Sandton, Marlboro, Midrand, Centurion, Pretoria, Hatfield. Wachiwiri uyambire pa Sandton, udutse Marlboro, upatukire kumanja: Rhodesfield, O. R. Tambo. Pa Park m'pamene amatsikira mabasi ambiri ochokera ku Malawi. Yang'anani chithunzi chanucho. Kodi sitima yochoka pa Park ikukafika ku bwalo? Ayi, ikupita ku Pretoria. Wofuna ndege ayenera kutsika pa Sandton kapena pa Marlboro n'kukwera ya mzere wachiwiri. Wochokera ku Pretoria amasinthira pa Marlboro. Wochokera pa Park uja akagona m'sitima, kapena akatanganidwa ndi foni, adzadzidzimuka ali ku Midrand.

Siteshoni ya Sandton ili pansi panthaka. Mumatsika ndi masitepe oyenda okha, mwagwira chikwama kuti chisakukokereni pansi, ndipo pa pulatifomu mumawerenga chikwangwani chamagetsi chimene chikusonyeza kumene sitima yotsatira ikulowera ndi mphindi zimene zatsala. Polowa mumagunditsa khadi pa geti, potuluka mumagunditsanso, ndipo makina amadula ndalama molingana ndi mtunda. Mtengo wa ku bwalo la ndege ndi wokwera kuposa wa masiteshoni ena onse, choncho khadi likhale ndi ndalama zokwanira, mungakaime pa geti lokana kutseguka anzanu akukudutsani. M'sitimamo saloleza kudya kapena kumwa, ngakhale kutafuna chingamu. Chimanga chowotcha chija mudyeretu kunja. Kuchoka pa Sandton kukafika ku bwalo ndi mphindi pafupifupi 15. Pamenepo palibe kasitima kachiwiri, chifukwa siteshoni inalumikizana ndi nyumba ya bwalo. Mumayenda wapansi kulowera ku Terminal A, ya maulendo akunja, kapena ku Terminal B. Tikiti yanu ndi zikwangwani za pa bwalo ndi zimene zikuuzeni koyenera kulowera.

Tsopano masamu. Munthu wosadziwa amawerenga nthawi kuyambira pamene akunyamuka kunyumba. Wodziwa amayambira pa ndege n'kumabwerera m'mbuyo. Tiyerekeze kuti ndege ikunyamuka 1:00 masana, ndipo kampani yanena kuti mufike kutatsala maola atatu. Lembani 10:00. Kuyenda kuchoka pa siteshoni kukafika poyezetsa katundu tiike mphindi 10: yatsala 9:50. Sitima yochokera ku Sandton, mphindi 15: 9:35. Kutsika, kupeza pulatifomu ina ndi kudikira, tiike mphindi 20: 9:15. Kuchoka pa Park kufika pa Sandton, tiike mphindi 10: 9:05. Kugula khadi ndi kudikira sitima yoyamba, mphindi 20: 8:45. Onjezani theka la ola la zagwamwadzidzidzi, monga kusokonekera njira kapena kusiyidwa ndi sitima. Yankho ndi 8:15.

Taonani chimene masamuwa akuulula. Kuchokera 8:15 mpaka 10:00 ndi mphindi 105. Mwa zimenezi, zimene muli m'sitima yoyenda ndi 25 zokha. Zina zonse 80 zapita pa geti, pa masitepe, pa pulatifomu ndi pa zagwamwadzidzidzi zija. Amene amangowerenga liwiro la sitima ndi amene amafika ndege itatseka chitseko. Ndipo poti Gautrain siyenda usiku wonse, amene ndege yake ndi yam'bandakucha afufuziretu nthawi ya sitima yoyamba asanadalire njanji.

Musananyamuke, mukhale ndi mayankho a mafunso anayi. Ndege yanga ili pa Terminal iti? Ndikasinthira pa siteshoni iti? Tikiti imodzi ikukwanira ulendo wonse? Sitima yoyamba ndi yomaliza zimanyamuka nthawi yanji? Mukasokonezeka, funsani wantchito wovala yunifolomu, osati aliyense amene wakumwetulirani n'kufuna kukunyamulirani chikwama. Paja safunsa anadya phula.

Ntchito yokachita kunyumba ili pawiri. Yoyamba: ndege ikunyamuka ku Lumbadzi 2:00 masana. Werengani chobwerera m'mbuyo mpaka pakhomo panu kwa Kuti, ndipo mufunse makolo anu kapena wakabaza wapafupi kuti gawo lililonse limatenga nthawi yotani, osaiwala yodikira kuti minibasi idzaze. Yachiwiri: jambulani mapu a Salima, Kanengo ndi Lumbadzi. Sonyezani pamene mungaike siteshoni yosinthira ndi njira imene kasitima ka ku bwalo kangadzere, ndipo mulembe ziganizo zisanu zofotokoza chifukwa chake mwasankha pamenepo. Makope onse akhale patebulo panga Lolemba m'mawa.