Sitelingi, Ngwazi kapena Mfiti? Mawu a Okonda Mafilimu ku Neno

Mawu oyamba

M'chimangirizo chino ndikuunika mawu amene achinyamata a m'boma la Neno amagwiritsa ntchito akamatsutsana za mafilimu a anthu amphamvu zodabwitsa monga Superman, Iron Man ndi Black Panther. Ndinakulira m'bomali, lomwe linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndipo mafilimu otere ndinkawaonera m'tinyumba ta vidiyo pa Zalewa ndi pa Lisungwi. Ambiri mwa iwo amakhala omasuliridwa ndi anyamata amene amalankhula Chichewa pamwamba pa mawu a Chingerezi. Mfundo yanga ndi yakuti mbali imene woonera amaima pa mtsutso imadalira kwambiri mawu a Chichewa amene wasankha potchula zimene waona. Ndiunika mawu a m'magulu atatu.

Dzina la mwini filimu

Liwu lofala kwambiri ndi lakuti sitelingi, lobwerekedwa ku Chingerezi. Limatanthauza munthu amene filimu yonse yatsamira pa iye, ndipo limayenda ndi lamulo lake: sitelingi safa. N'chifukwa chake imfa ya Iron Man mu Avengers: Endgame ya 2019 inagawa anthu. Ena ankati opanga filimu anaphwanya lamulo. Ena ankati munthu wofera anzake waposa usitelingi, ndipo ayenera kutchedwa mpulumutsi.

Tingafunse kuti bwanji osangoti ngwazi, poti ndilo liwu lathu la munthu wolimba mtima. Vuto ndi lakuti kwa Amalawi ambiri liwuli linamatirira kwa Dr Hastings Kamuzu Banda, amene analamula dziko lino kuyambira 1964 kufikira 1994. Ukati Ngwazi yauluka pamwamba pa mzinda, anthu amayamba aseka kaye. Liwu lakuti chimphona nalo silikwanira, pakuti limaloza thupi lalikulu. Limamuyenera Hulk, koma Spider-Man ayi.

Gwero la mphamvu

Mtsutso waukulu umabuka pofuna kudziwa kumene mphamvu za anthuwa zimachokera. Chichewa chilibe liwu limodzi lokhazikika lotchulira mafilimu opeka onena za sayansi, choncho oonera amawagawa potengera mawu atatu amene ali nawo kale: nzeru, mankhwala ndi ufiti.

Iron Man savuta. Zida zake amasula yekha, ndiye onse amati ndi nzeru, monga za amisiri amene amapukusa magetsi pa Nkula ndi madzi a mu Shire. Superman ndiye amavuta, chifukwa kwathu munthu wouluka popanda makina timamuganizira za lichero. Omukonda amamuteteza ponena kuti anabadwira ku dziko lina, ndipo mfiti imapweteka abale pamene iye amapulumutsa anthu.

Black Panther ya 2018 inasakaniza zonsezi. Dziko lopeka la Wakanda lili ndi zipangizo zamakono, komabe mfumu T'Challa amapeza mphamvu pomwa msuzi wa chitsamba, kenako amakwiriridwa n'kukalankhula ndi mzimu wa bambo wake. Wina akati T'Challa anakhwima, wamuweruza kale kuti ndi munthu woopsa. Wina akati anamwa mankhwala a ufumu ndipo makolo anamudalitsa, wamuyeretsa. Chithunzi ndi chimodzi, koma mawu awiriwa akubala mafilimu awiri osiyana.

Mawu a chibale

Apa ndi pamene ndaona kuti Chichewa chimaulula zimene Chingerezi chimabisa. Mdani wa T'Challa ndi Killmonger, mwana wa N'Jobu, ndipo N'Jobu anali mng'ono wake wa mfumu T'Chaka, bambo wa T'Challa. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lotchulira ana onse a abale a makolo ako, ndipo womasulira wothamanga amangoti msuweni. Koma m'Chichewa msuweni ndi mwana wa amalume kapena wa azakhali. Ana a amuna awiri apachibale amakhala munthu ndi mkulu wake kapena mng'ono wake. Kwa Killmonger, T'Chaka ndi bambo aakulu.

Izi zimasintha chiweruzo. T'Chaka anapha mng'ono wake ku America n'kusiya mwanayo kumeneko. Amene amamva kuti Killmonger ndi msuweni amamuona ngati mlendo wolanda ufumu. Amene amamva kuti ndi mbale amafunsa kuti bambo wotani amataya mwana wamasiye wa m'nyumba mwake, ndipo amamumvera chisoni ngakhale anali wankhanza. Palinso ena ochokera m'mabanja a chikamwini amene amadabwa ndi mlandu wonsewo, chifukwa kwawo ufumu umapita kwa mwana wa mlongo wake wa mfumu.

Mawu a chibale omwewa ndi amene oonera amagwiritsa ntchito pomuyandikitsa filimuyi kwawo. Connie Chiume, amene anasewera ngati mmodzi mwa akuluakulu a ku Wakanda mu 2018 ndi mu 2022, anabadwira ku South Africa koma bambo ake anali a ku Nkhata Bay. Iye anamwalira mu 2024. Achinyamata odziwa mbiriyi amamutchula kuti agogo athu, ndipo pamenepo Wakanda imaleka kukhala yachilendo.

Mawu omaliza

Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa bungwe la Centre for Language Studies unatuluka mu 2000, mafilimu ambiri amene ndatchulawa asanapangidwe. Pakadali pano amene akusankha mawu otchulira zinthu zatsopanozi ndi omasulira mafilimu pamodzi ndi oonera awo, ndipo ana a kusukulu akuwatengera. Ndikupempha aphunzitsi athu ndi ophunzira anzanga kuti tiyambe kujambula ndi kusunga mafilimu omasuliridwawa, tiziwagwiritsa ntchito m'phunziro la kumasulira. Ntchito yoyamba ingakhale yosavuta: kutenga gawo limodzi la Black Panther, kulimasulira kawiri, koyamba ndi msuweni, kachiwiri ndi mbale, n'kufunsa magulu awiri a oonera kuti wolakwa ndani.