Phunziro la Umoyo pa Munda: Mpunga, Nkhumba ndi Matenda Otupitsa Ubongo

M'phunziro lino tikuona za matenda otchedwa Japanese encephalitis, amene amatupitsa ubongo ndipo amagwira makamaka ana osapitirira zaka 15. Amapezeka m'maiko 24 a ku Asia ndi kuzilumba za Pacific. Tikuwaphunzira chifukwa gwero lake lili m'munda.

Udzudzu wa mtundu wa Culex umaswana m'madzi odikha a m'minda ya mpunga. Kachilombo ka matendawa kamakhala mwa mbalame za m'madambo monga akakowa, ndipo kamachulukana kwambiri m'magazi a nkhumba. Udzudzu ukaluma nkhumba madzulo, kenako n'kuluma mwana, umamupatsira. Koma udzudzu sungakatenge kwa munthu wodwala n'kukapatsira wina.

Ambiri olumidwa sadwala. Mwa anthu pafupifupi 250 otenga kachilomboka, mmodzi ndiye amadwala kwambiri: thupi limatentha, khosi limauma, amagwa ngati wakhunyu, kenako amakomoka. Mwa odwala otere 10, atatu angathe kumwalira, ndipo ambiri opulumuka amatsala olumala kapena osalankhula bwino. Mankhwala ochiza palibe.

Mu 2005 mliri wa matendawa unapha ana oposa 1,000 m'chigawo cha Uttar Pradesh ku India, makamaka kufupi ndi mzinda wa Gorakhpur. Mu 2006 India ndi Nepal anayamba kupereka kwa ana ambirimbiri katemera wa SA 14-14-2 wopangidwa ku China, ndipo m'maboma amene analandira katemerayo odwala anachepa kwambiri. Komabe tisaiwale mfundo iyi: katemera amateteza mwana amene wabayidwa yekha. Kachilombo kamatsalabe mwa nkhumba ndi mbalame, choncho mwana wosabayidwa satetezeka chifukwa chakuti anzake anabayidwa. Ana obadwa chaka chilichonse ayenera kulandira wawo.

Matendawa sanakhazikike kuno kwathu, koma phunziro lake likutikhudza ife amene tikukulitsa ulimi wothirira. Tiyeni tiziumitsa munda wa mpunga kwa masiku angapo tisanathirirenso, kuti mphutsi za udzudzu zife. Makola a ziweto tizimanga kutali ndi nyumba zogona, ana azigona m'maneti, ndipo tisaphonye tsiku la katemera ku sikelo.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani katemera wa ana sachotsa kachilomboka m'dera?
2. Ndi malo ati pa munda wathu pamene madzi amadikha kwa sabata yathunthu?