Phunziro: Zimene Magazi Amaulula za Mtima

Mtima ndi mnofu, ndipo umadya kudzera m'timitsempha ta magazi tozungulira mtimawo. Mafuta otchedwa kolesterolo akamaunjikana m'makoma a timitsempha timeneti, njira imachepa ngati paipi yodzala dzimbiri. Magazi akaundana pamalo ochepawo, mbali ina ya mtima imasowa mpweya n'kuyamba kufa.

Mafuta sasakanikirana ndi madzi, choncho m'magazi amanyamulidwa ndi mapuloteni. Chimodzi mwa zonyamula mafutazi ndi lipoprotein(a), chimene Kåre Berg wa ku Norway anachitulukira mu 1963. Kuchuluka kwake munthu amatengera kwa makolo. Padziko lonse, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 5 alionse ali nacho chochuluka, ndipo anthu akuda amakonda kukhala nacho chambiri kuposa azungu. Kusiya zamafuta sikuchitsitsa kwenikweni. N'chifukwa chake munthu wowonda, wolima tsiku ndi tsiku, angathe kudwala mtima, achibale n'kumaganiza kuti walodzedwa. Izi n'zomvetsa chisoni, poti kuyeza magazi kamodzi kokha kukhoza kuonetsa vutoli.

Komatu zakumtundu sizibweretsa matenda okha, zina zimateteza. Mu 2006, Jonathan Cohen ndi Helen Hobbs a ku Dallas analengeza zimene anapeza mwa anthu akuda a ku America. Pafupifupi mmodzi mwa anthu 40 anabadwa ndi puloteni yotchedwa PCSK9 yochepa. Puloteni imeneyi imalepheretsa chiwindi kuchotsa kolesterolo m'magazi. Ikachepa, chiwindi chimachotsa mafuta ambiri. Pa zaka 15, matenda a mitsempha ya mtima mwa anthu amenewa anali ochepa ndi 88 peresenti poyerekeza ndi anzawo. Pofika 2015, mankhwala oletsa PCSK9 anali atavomerezedwa.

Puloteni ina, troponin, imaonetsa zimene zikuchitika mumtima lero lomwe. Imakhala m'kati mwa mnofu wa mtima, ndipo mnofuwo ukavulala imatayikira m'magazi pakangopita maola ochepa.

Ngati bambo anu kapena mchimwene wanu anadwala mtima asanafike zaka 55, kapena mayi anu kaya mchemwali wanu asanafike 65, auzeni adokotala. Kumtundu simungakusinthe, koma fodya mutha kusiya, BP ndi shuga mutha kuyezetsa. Pamtima pakamathina, ululu n'kumafika kumkono kapena kunsagwada, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.