Kodi Kosi ya Nyama Zakutchire Amaphunzirako Chiyani?



M'phunziro la ulendo uno tikambirana za kosi imene ambiri mwa ife timaidumpha tikamaona mndandanda wa maphunziro a ku yunivesite: kasamalidwe ka nyama zakutchire. Kholo likamva dzinali limaganiza za munthu wovala yunifolomu, mfuti ili paphewa, akuthamangitsana ndi opha nyama mozemba. Asilikali oteteza nyamawo alipo ndithu, ndipo ntchito yawo ndi yolemekezeka, koma digiri ya zaka zinayi imakonzekeretsa munthu wina, amene amapanga chiganizo cha zoyenera kuchitika m'nkhalangomo.

Titenge chitsanzo cha Liwonde National Park. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 548, ndipo mbali zambiri kuli midzi ndi minda. Njovu imodzi yaikulu imatha kudya makilogalamu 150 a udzu, masamba ndi makungwa pa tsiku. Imatenga bere miyezi 22, motero siswana msanga, komabe ikatetezedwa bwino chiwerengero chimakwera chaka ndi chaka pamene malo ali omwewo. Zikachuluka zimagwetsa mitengo, nyama zina zimasowa msipu, kenako zimathyola mpanda n'kulowa m'chimanga cha anthu. Tsono funso ndi ili: malo amenewa angasunge njovu zingati popanda kuwonongeka? Yankho lake silipezeka ndi mfuti. Pamafunika munthu wodziwa kuwerenga nyama ali m'ndege, kuyerekeza kuchuluka kwake poona ndowe ndi mapazi, kuyeza msipu, kutsata njovu zovekedwa makolala a GPS, ndi kuika zonsezi pa mapu a pakompyuta.

Kuwerengera kotereku ndi kumene kunachititsa kuti mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zisamutsidwe kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, kumene zinali zitatsala pang'ono kutha. Ntchitoyi anaigwira a bungwe la African Parks, lomwe likuyendetsa Majete kuyambira 2003 ndi Liwonde kuyambira 2015, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Mu 2022 njovu zina 263 zinapita ku Kasungu. Kumeneko nkhani sinathere pa chisangalalo chokha. Anthu a m'midzi yoyandikana ndi paki, kuno komanso mbali ya ku Zambia, akhala akudandaula kuti njovu zikuwononga minda ndipo ena ataya miyoyo. Ife tikuona kuti gawo lovuta la kosiyi lagona pamenepa. Mlimi amene wadzuka n'kupeza munda wake wa chaka chonse wapondedwa usiku umodzi safuna kumva za alendo obwera kudzajambula zithunzi. Wophunzira ayenera kudziwa kukhala pansi ndi mafumu ndi alimi, kumva madandaulo awo, kudziwa malamulo, ndi kupeza njira monga mpanda wamagetsi kapena ming'oma ya njuchi m'malire a minda, popeza njovu zimaopa njuchi.

Nkhani yopatula malo kuti atetezedwe si yachilendo kwa ife Asilamu. M'mabuku a fiqh imatchedwa hima. Mtumiki Muhammad (SAW) anapatula dera la al-Naqi, kufupi ndi Madina, kuti likhale msipu wa akavalo a Asilamu, ndipo Khalifa Umar (RA) anachitanso chimodzimodzi ku al-Rabadha. Chofunika kuchiona n'chakuti Umar analangiza woyang'anira hima kuti azilola osauka okhala ndi ziweto zochepa kudyetsamo, koma aziletsa magulu aakulu a ziweto za olemera. Ndiye kuti funso la amene apindule ndi amene avutike ndi malo otetezedwa linalipo kuyambira nthawi imeneyo, ndipo ndi lomwelo limene likuvuta ku Kasungu lero.

Makolo ena amafunsa za njiri, nguluwe ndi agalu onunkhiza amene amagwiritsidwa ntchito pogwira ozembetsa minyanga. Chimene chinaletsedwa ndi kudya nyama ya nkhumba ndi zamtundu wake. Kuiwerenga kapena kuiteteza si kuidya. Pa madhhab a Shafi'i amene ambiri kuno timatsatira, najisi ya galu kapena nkhumba ikakhudza thupi kapena chovala pali chinyezi, timatsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa iko ndi dothi. Wophunzira wopita kutchire azidziwe bwino zimenezi, pamodzi ndi tayammum ndi malamulo a Swala ya paulendo, chifukwa masiku ena adzagona m'hema kutali ndi mzikiti. Zonsezi timaziphunzitsa kale m'kalasi, ndipo apa ndi pamene zimagwira ntchito.

Kuno kwathu, digiri yokhudza nyama zakutchire ndi zokopa alendo imapezeka ku LUANAR, ku Bunda. Ku Dedza kuli Malawi College of Forestry and Wildlife, komwe amapereka satifiketi ndi dipuloma. Kunja, sukulu yodziwika kwambiri ndi College of African Wildlife Management ya ku Mweka, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, yomwe inatsegulidwa mu 1963. Omaliza amalembedwa ntchito ku boma, ku mabungwe osamalira zachilengedwe, ku malo ogona alendo kapena m'kafukufuku. Tisabise, mipata si yochuluka ngati ya uphunzitsi, ndipo malo ambiri antchito ali kutali ndi tauni. Banja likambirane zimenezi mwana asanalembe fomu, kaya ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Kwa inu a Fomu 2 amene mukusankha maphunziro a chaka chamawa, musasiye Biology, Chemistry ndi Geography ngati kosiyi yakukokani mtima, ndipo masamu muwagwire zolimba, pakuti kuwerenga nyama konse kuja ndi masamu. A Fomu 4, kumbukirani kuti yunivesite ya boma imafuna makirediti osachepera asanu ndi limodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mafomu amadzera ku NCHE. Chilengezo cha chaka chino chikatuluka, Insha Allah, tidzachipachika pa bolodi kuti aliyense adziwerengere zofunika pa kosi imene akufuna.