Mabuleki sathera pamphambano

Msewu wa M12, wochoka mumzinda wa Lilongwe kukafika kuchipata cha Mchinji, umanamiza madalaivala. Munthu amene anatsetserekapo ndi katundu ku Chiweta kapena ku Khwekhwelere akafika kuno amaona ngati wafika pabwalo la mpira. Kuyambira ku Chitedze, kudutsa Mpingu ndi Msundwe mpaka ku Namitete, dziko ndi lachidikha ndipo maso amaona patali. Koma msewuwu umatsikira m'madambo mwakachetechete, ndipo kumunsi kwa mitsetse yotereyi n'kumene kumatulukira timisewu tafumbi tochokera m'midzi, tokhala ndi ngolo, akabaza ndi ana asukulu.

Ine ndinaziona ndili pampando wakumanzere wa thiraki imene ankayendetsa amalume anga. Munali mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana. Tinanyamula matumba 600 a feteleza ku Kanengo, matani 30, opita kusitolo ina yakumudzi chakufupi ndi Namitete. Amalumewo anali atagwira chiwongolero zaka zambiri, ndipo njirayi ankati angaiyende atatsinzina.

Titafika pamwamba pa kamtsetse kena, ndinaona dzanja lawo likuchotsa giya. Injini inangoti zii.

"Amalume, mwatani?"

"Tikupulumutsa dizilo, mphwanga. Pano imayenda yokha."

Inayendadi yokha. Poyamba zinkakoma, mphepo ikulowa pawindo. Koma mphambano yathu inali kumunsi kwenikweniko, kudzanja lamanja, kutanthauza kuti tinayenera kudula njira ya magalimoto ochokera ku Mchinji. Amalume anaponda buleki, kusiya, kupondanso, kusiyanso. Kachitatu belu lochenjeza za mpweya linayamba kulira. Anayesa kubwezera giya, chitsulo chinangolira osalowa. Pakamwa pa kamsewu kathu panali ngolo ya ng'ombe ziwiri, ndipo kumbuyo kwake wakabaza atanyamula mayi wobereka mwana.

Chimene anachita amalume pamenepo ndi chinthu chimodzi chokha chanzeru pa tsiku lonselo: anaisiya mphambanoyo. Analiza hutala, nagwira chiwongolero chilili, thiraki n'kupitirira mpaka chitunda chakutsogolo chinaimwa mphamvu. Titaima, anatsika n'kukhala pansi m'mbali mwa tayala osayankhula kanthu. Akanakhota pa liwiro limene lija, katundu akanatikokera kunja, thiraki n'kugwera pomwe panali ngolo ndi mayi uja. Madzulo ake ndi pamene anaulula kuti mabuleki a thirela anali atatha kalekale, ndipo mwini galimoto ankangoti tiona mwezi wamawa.

Anthu ambiri akamva za ngozi amati mabuleki anaduka, ngati kuti ndi chingwe cha ndowa chodukira pachitsime mwadzidzidzi. Si momwemo. Thiraki yaikulu imaima ndi mpweya, ndipo mpweyawo umapopedwa ndi injini. Mukachotsa giya, injini imazungulira pang'onopang'ono, choncho mpweya umabwerera m'matanki mochedwa, pomwe phazi lililonse lomwe mwaponda likuutulutsa. Mwatayanso mphamvu ya injini imene ikanakugwirirani galimoto. Ntchito yonse imatsalira mabuleki okha, ndipo akakhala otha kapena osamangidwa bwino amatentha n'kuleka kuluma. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse. Masekondi atatu olimbana ndi giya ndi mamita oposa 60, ndipo mgwirizano wa maiko a m'chigawo chathu umalola thiraki yodzadza kulemera mpaka matani 56. Chinthu cholemera chonchi sichimva kuti pepani.

Amene akuganiza kuti ndikukulitsa nkhani akumbukire za pa Kampepuza, m'boma la Ntcheu. Mu Meyi 2019, patangotsala masiku ochepa kuti dziko liponye voti, thiraki yolephera kuima inalowa pamsika wa m'mbali mwa msewu wa M1, nigunda maminibasi ndi anthu ogulitsa malonda. Anthu oposa 15 anataya miyoyo. Anali anthu odzagula ndiwo, odzagulitsa mbatata ndi tomato, odikira galimoto yopita kwawo. Mmene misika yathu imakhalira pa Msundwe, pa Namitete kapena pa Nsaru sizisiyana ndi pa Kampepuza: malonda amayalidwa mpaka kukhudza phula, minibasi imaima pomwe yaona munthu, ndipo dalaivala wa thiraki akasowa mabuleki alibe koithawitsira.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti dizilo wopulumutsidwa pamtsetse ndi wochepa zedi. Ndikudziwa kuti malipiro a madalaivala ambiri ndi osakwanira, ndipo ena amapatsidwa mafuta oyeza ndi supuni, akatha panjira mlandu n'kukhala wawo. Eni magalimoto otere ali ndi gawo lawo pa maliro amenewa, makamaka awo amene amamva kuti mabuleki atha koma n'kutumizabe galimoto chifukwa nyengo ya fodya kapena ya feteleza siidikira. Komabe phazi ndi dzanja zili m'galimotomo ndi za dalaivala. Giya yotsikira imasankhidwa pamwamba, galimoto isanathamange. Indiketa imayatsidwa kutali, liwiro n'kuthera pamsewu woongoka, kuti pofika pokhota thiraki ikhale ikuyenda ngati munthu wapansi. Ndipo mukaona kuti mwachedwa, mphambano isiyeni ipite, mukatembenukira kutsogolo.

Nanunso akabaza ndi oyendetsa njinga zamoto, thiraki ikamakhota imayamba yatsegula mbali ina kuti thirela ikwane. Mpata umene mukuuonawo si wanu. Matayala akumbuyo amadutsa mkati mwa njira ya akutsogolo, ndipo dalaivala nthawi zambiri sakuonani n'komwe. Chipatala cha St Gabriel's chili pafupi ku Namitete, inde, koma munthu woponderezedwa ndi matani 30 kawirikawiri safika n'komwe pageti.

Amalume anga anayendetsabe thiraki zaka zina zingapo, koma sindinawaonenso akuchotsa giya pamtsetse, ndipo galimoto ija anakana kuikweranso mpaka mabuleki a thirela atakonzedwa. Mwini wake anawadula malipiro a sabata imeneyo.

Adalaivala, mukamanyamuka ku Kanengo kulowera ku Mchinji, yesani mabuleki a thirela musanatuluke pageti, ndipo mpweya ukapanda kukwana musanyamuke. Pamphambano iliyonse ya kwathu kuno pali munthu amene akukhulupirira kuti muima.