Yamba Waweta Yisiti, Mowa Ubwera Pambuyo

Mphwanga, popeza waganiza zoyamba kufulula ndi yisiti yamadzi, pali ntchito imodzi yoti uizolowere usanatereke mphika waukulu pamoto: kupanga sitata. Sitata ndi madzi ochepa a chimera momwe umalereramo yisiti, kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti ufulule. Pamenepa sukupanga mowa ayi, ukuweta yisiti. Ukagwira mfundo imeneyi, zina zonse uzimvetsa wekha.

Nkhani yagona pa chiwerengero. Paketi ya Activator ya kampani ya Wyeast ya ku Oregon imatuluka m'fakitale ndi maselo pafupifupi 100 biliyoni. Koma malita 20 a mowa wa ale, umene hydrometer ikuonetsa 1.050, amafuna maselo pafupifupi 185 biliyoni, ndipo lager amafuna kuwirikiza kawiri. Komanso 100 biliyoni ija ndi ya tsiku limene anamata paketi. Yisiti yamadzi ndi yamoyo, imafa pang'onopang'ono ngakhale ili mufiriji, nanji ikayenda ulendo wautali m'kutentha kwa Okutobala. Ukathira yochepa, mowa umachedwa kuwira, majeremusi amapeza mpata, ndipo nthawi zina umaima panjira shuga asanathe. Zimandipweteka kuona mnyamata atawononga ndalama pa chimera cha balere ndi hops, atakhala tsiku lonse pamoto, n'kutaya zonse chifukwa choumira lita imodzi ndi theka ya sitata.

Muyeso wake ndi wosavuta kusunga: magalamu 100 a ufa wa chimera, uja amaulemba kuti dry malt extract, pa lita iliyonse ya madzi. Zimenezi zimakupatsa pafupifupi 1.037, ndipo usapitirire 1.040 poganiza kuti chakudya chambiri ndiye chikondi. Madzi otsekemera kwambiri amatopetsa yisiti isanayambe n'komwe ntchito imene waigulira. Usachepetsenso madziwo mpaka theka la lita, chifukwa chakudya chimatha yisiti isanaswane mokwanira. Wiritsa kwa mphindi 10 mpaka 15 uli chiimire pomwepo, poti amasefukira mwadzidzidzi. Ngati ulibe botolo la galasi lopirira moto la Erlenmeyer, wiritsira mupoto. Botolo wamba limasweka. Kenako ika potoyo, ali chivindikirire, m'beseni la madzi ozizira mpaka kutentha kutsike kufika madigiri 20 mpaka 24.

Shuga wa mutiyi usamuyese, ngakhale ndi amene ali pafupi. Shuga wochuluka m'madzi a chimera ndi maltose, ndipo yisiti yoleredwa pa shuga wa nzimbe imafooka pa kudya maltose. Idzachuluka ndithu, koma idzafika mumphika waukulu itazolowera chakudya china.

Tsono pa ukhondo ndiye ndikupempha undimvere bwino. Amayi athu ofulula masese amadalira yisiti ndi mabakiteriya osakanikirana a m'chimera ndi m'mbiya, ndipo kuwawasa kuja ndi mbali ya ukoma wa mowa wawo. Paketi yakoyo ndi ya njira ina. Mu 1883, Emil Christian Hansen wa ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen anapatula selo limodzi la yisiti n'kuliweta palokha, kuti mowa uzituluka chimodzimodzi nthawi zonse. Ndi Carlsberg yomweyo imene inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968. Ndalama zako walipirira mtundu umodzi wopanda chosakaniza. M'sitata, chilichonse chimene chalowamo chimaswana limodzi ndi yisiti, ndiye majeremusi ochepa a pa sizasi lero adzakhala khamu mawa. Kutsuka ndi sopo sikokwanira. Botolo, fanelo, sizasi, ngakhale kunja kwa paketi, zonse zinyowe ndi mankhwala ophera majeremusi monga Star San, manja akonso chimodzimodzi.

Ukathira madzi a chimera ozizirawo ndi yisiti m'botolo, phimba kukamwa kwake ndi foyilo yopopera mankhwala, osathina. Usaike airlock, kachipangizo kotulutsa mpweya osalowetsa wina, ndipo usatseke ndi chitsekerero cholimba, chifukwa mpweya wotuluka ungaphulitse botolo. Mumphika waukulu timapewa mpweya mowa ukayamba kuwira, koma kuno timaufuna, popeza yisiti imagwiritsa ntchito okosijeni pomanga khungu la maselo atsopano. Amene ali ndi stir plate, kamakina kotakasa ndi maginito, amamaliza pa maola 24. Iwe wopanda makina, uzizunguza botolo nthawi iliyonse ukadutsa pafupi, uyambe pang'onopang'ono kuti thovu lisakwere, ndipo ulipatse maola 36 mpaka 48 pamalo amthunzi.

Usade nkhawa ukapanda kuona thovu lambiri. Nthawi zina limakwera usiku n'kutsika uli mtulo. Yang'ana ngati madzi asanduka ambuu, ndiponso ngati pansi padikha nsenga zoyera zochuluka kuposa zimene unathira. Fungo likhale la buledi kapena la mowa wosapsa. Likakhala la viniga, kapena ukaona nkhungu pamwamba, taya osadandaula: wapulumutsa malita 20.

Sitata ikatha kuwira, ika botolo mufiriji usiku wonse, kapena tsiku lathunthu, kuti yisiti idikhe. Patsiku lofulula khuthula madzi apamwamba, amene sakoma chifukwa cha mpweya uja, usiye ochepa osungunulira nsenga. Litulutse botolo msanga kuti lifunde, kutentha kwake kusasiyane ndi kwa madzi a mumphika ndi madigiri oposa 5, kenako zunguza n'kuthira.

Ngati kwanuko magetsi savuta kuthima ndipo firiji siidalirika, palibe manyazi kudikira kaye. Paketi ya magalamu 11.5 ya yisiti youma, monga SafAle US-05, imapirira ulendo, siifuna sitata, ndipo imakwanira malita 20 a ale wamba.