Thupi Nalonso Lifuna Mphunzitsi

Phunziro la lero likhudza chinthu chimene ambiri achiyesa chibwana, ndicho kulimbitsa thupi motsogozedwa ndi mlangizi. M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu muli nyumba zimene azitcha jimu, m'mene munthu alipira mnzake kuti amphunzitse kuthamanga, kunyamula zitsulo ndi kuchepetsa mafuta. Munthu wa pa Uliwa akamva zimenezi aseka, nati: "Wofuna thukuta abwere kuno timpatse nkhafi." Kusekako kuli ndi nzeru yake, koma sikutha nkhani yonse.

Zoonadi msodzi wopalasa bwato usiku kunka ku usipa, mlimi wowerama m'matope a mpunga ku Hara, ndi mai wosinja chinangwa cha kondowole, safuna wina wowatulutsa thukuta. Koma tayang'anani pa msika, m'mbali mwa mseu wa M1. Mwini golosale akhala pa mpando kuyambira mbandakucha kufikira mdima. Kalaliki ali chimodzimodzi. Katekisiti amene kale adali kupalasa njinga maora awiri kuti akatsogolere mapemphero a Lamulungu, lero akwera njinga yamoto. Za ife ansembe ndi magalimoto athu sindinena zambiri. Ntchito ya thupi yachepa, koma nsima, mchere, mafuta okazingira ndi zakumwa zotsekemera sizidachepe ai.

Akatswiri ofufuza za matenda a ku Chilumba, amene adayamba ntchito yao mu 1979 pa nthenda ya khate, ndipo lero adziwika ndi dzina la MEIRU, adayeza anthu akuluakulu a kuno kum'mwera kwa Karonga pakati pa 2013 ndi 2016. Adapeza kuti mwa amai 100 alionse, 27 adali olemera kupitirira muyeso. Mwa abambo adali 9. Anthu 13 kapena 14 mwa 100 adali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sadali kudziwa. Si za m'tauni izi, ndi za kwathu konkuno.

Pakati pathu kunenepa tikuyesa ulemu, ndipo chiyambire zaka za Edzi munthu aopa kuonda, kuti anthu angamloze zala. Tsono bambo wa zaka 50 agwa mwadzidzidzi, mbali imodzi ya thupi ifa, ana aleka sukulu, ndipo apabanja tiyamba kufunafuna amene wamlodza. Lamulo lachisanu la Mulungu silingoletsa kupha mnzako. Litilamulanso kusamala moyo umene tidapatsidwa.

Nanga chifukwa ninji kufuna mlangizi? Kodi munthu sangathe kuyenda yekha? Yankho lili m'gule wathu wa malipenga, amene adachokera ku perete wa asilikali a nkhondo ya 1914 mpaka 1918, nkhondo imene idafika ndi ku Karonga komwe mu September 1914. Palibe mnyamata amene adaphunzira malipenga ali yekha kuseri kwa nyumba. Pali wamkulu woima kutsogolo. Iyeyo aona phazi lochedwa, awongola msana wopindika, abwereza sitepe imodzi kakhumi, ndipo wojomba amfunsa kumene adali. Mnyamata uja patsiku la gule avina nthawi yaitali padzuwa osapuma wefuwefu, chifukwa kwa masabata ambiri wina adali kumuyang'ana. Munthu sadziona kumsana kwake. Ndiponso chifuniro cha munthu mmodzi n'chofooka: wayekha ayamba Lolemba ndi changu chachikulu, Lachitatu miyendo iwawa, Lachisanu aleka. Koma wodziwa kuti wina akumdikira pa bwalo adzuka.

Mlangizi wotere simusowa kukamfuna ku Mzuzu. Alipo aphunzitsi a masewera m'sukulu zathu, ophunzitsa mpira, ndi asilikali opuma ntchito, pakuti kampu ya Chilumba ili pafupi. Koma si yense wa minofu amene ali mlangizi. Mumzindikire ndi izi. Poyamba akutumizani ku chipatala, monga cha St Anne's, kuti akayeze magazi anu ndi shuga. Ngati muyeso ufika 140/90 kapena kupitirira, adikira mau a dokotala. Kachiwiri, ayamba pang'ono. Msilikali azolowera anyamata a zaka 20, ndipo akaiwala kuti mai wa zaka 45 si msilikali, athyola bondo la munthu tsiku loyamba. Wanzeru ayamba ndi kuyenda kwa ndawala mphindi 10 kapena 15, nawonjezera sabata ndi sabata, kufikira muyeso umene bungwe la World Health Organization lidaika kwa akuluakulu: mphindi 150 pa sabata, ndi masiku awiri a ntchito yolimbitsa minofu. Zitsulo zodula sizifunika. Chigubu cha madzi cha malita 5 chikwanira. Kachitatu, sagulitsa mankhwala. Akayamba kutulutsa timabotolo ndi tiyi woti asungunula mafuta, dziwani kuti mwakumana ndi wamalonda.

Wophunzira nayenso ali ndi mangawa ake. Anene zoona za zimene adya ndi kumwa, pakuti wobisa mowa anyenga yekha. Afike pa nthawi yake. Ngati adapangana za malipiro, kaya ndi ndalama kaya ndi chitini cha mpunga, apereke osadikira kukumbutsidwa. Ndipo asafulumire kufuna kuona kusintha. Mafuta amene adaunjikana zaka 10 sachoka pa mwezi umodzi. Chiyamba kusintha ndi mpweya ndi tulo, sikelo itsatira pambuyo.

Akatekisiti, ntchito iyi iyenda bwino m'kagulu ka anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, poyera, pa bwalo la sukulu kapena la tchalitchi. Potero malipiro a mlangizi apepuka, ndipo pakamwa pa anthu amiseche patsekeka, makamaka pamene mwamuna aphunzitsa akazi a eni. Sankhani nthawi ya m'mawa dzuwa lisanakwere, pakuti mudziwa nokha kutentha kwa kunyanja kuno mu October ndi November, ndipo aliyense abwere ndi madzi akumwa. Wina akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika kosazolowereka, aleke pomwepo, ndipo anzake amperekeze ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale iye anene kuti zatha.